Kachitsulo ka a Sindimva

Mwaswera bwanji nonse? Ine sindinaswere bwino.

Masana ano ndikusenda mtedza pakhonde, kwafika bambo wina pa galimoto. Akuti amatolera tizitsulo ta mayina ta asilikali akale n'kumafufuza mbiri zawo. M'dera lathu lonseli la Nsaru sanasochere ayi, wangofikira pakhomo pano, n'kunena kuti ndikusunga kachitsulo kamene bambo anga ankavala m'khosi ku nkhondo ya ku Malaya. Wamuuza ndani?

Ndamuonetsa kali m'manja mwanga. Wawerenga, akuti, "Agogo, apa analemba Sindimva, koma inu mukuti bambo anu anali a Chimphanje. Si kanu aka. Ndipatseni ndikafufuze eni ake."

Eni ake! Tsiku lolembedwa usilikali, mzungu anawafunsa bambo anga dzina m'Chingerezi, iwo n'kuyankha kuti "sindimva". Basi, analemba lomwelo. Bambo atafera ku nkhondoko, mnzawo amene anabweretsa kachitsuloka ndiye anafotokozera amayi, ine ndili kamtsikana. Mtembo sitinauone. Manda a bambo anga ndi kachitsulo kameneka.

Ndamuuza kuti, "Nanenso sindimva. Nyamukani."

Wati abweranso Loweruka kuti adzangokajambula, eti. Ndakachotsa m'chitini muja mumadziwa nonse, ndipo musandifunse kumene kali.

Tsono ndiuzeni, akabwera ndimulole ajambule kali m'manja mwanga, kapena asapondenso pabwalo pano? Ndipo amene mwamulozera njira ya kwathu, dzitchuleni pagulu pompano, ndisanayambe kutchula ndekha.