Utuchi mu Giyabokosi

M'zaka zimene mtengo wa mkuwa unagwa, m'masitolo a mu Lusaka n'kungotsala mashelufu, ine ndinali nditachotsedwa ntchito pa kampani yonyamula katundu kumene ndinkakonza malole. Dipuloma yanga ya umakaniko inali m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo ntchito ndinkagwirira pabwalo la nyumba yathu ya lendi mu komboni ya George, pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa malata. Masipeya atsopano kunalibe. Galimoto ikafa, zitsulo zake zinkakachiritsa ina.

Apongozi anga aamuna anadwala nthawi yomweyo. Anachoka ku Katete ali mnyamata, ndipo anakalamba akusenza matumba m'mafakitale a mu Lusaka. Achipatala atawabweza kunyumba ndi mawu akuti palibenso chochita, iwo anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti akafere kwawo ndi kuikidwa pafupi ndi amayi awo. Basi sakanatha kukwera. Masiku amenewo munthu ankagona pa siteshoni podikira basi, ndipo iwo sankathanso ngakhale kukhala tsonga. Chiyembekezo cha banja lonse chinali pa kavani kakale ka mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, kamene ankagulitsira makala ku Lilanda ndi ku Matero.

Mlamuyo anabwera nako m'mawa wina n'kunena kuti ndingokayang'ana pang'ono ndi kuwonjezera oyilo, chifukwa ulendo unali pafupi. Nditatsegula chitseko ndinaona lekeni, mphira wodulidwa ku chubu cha tayala, atamangidwa kutsogolo pafupi ndi ndodo ya magiya. Ndinafunsa ntchito yake. Anaseka n'kunena kuti giya yachitatu inali ndi chizolowezi chotuluka yokha, choncho ankaikola ndi lekeniyo. Madalaivala ambiri ankachita zomwezo, ndipo palibe amene ankadabwa nazo.

Ine ndinaphunzitsidwa kuyamba ndi zakunja, popeza vuto lakunja limakonzedwa popanda kutsitsa giyabokosi. Ndinayesa kilachi, inali bwino. Ndinagwedeza zitsulo zolumikiza ndodo ya magiya, sizinali zokhwepa. Ndinaona mphira zogwira injini, zinali zakale koma zosaduka. Chilichonse chimene ndinkachipeza chili bwino chinkandichotsera chiyembekezo, chifukwa chinkandikankhira m'kati mwa bokosilo.

Kenaka ndinaliza injini, giya ili pa nyutulo, n'kumvetsera. Pansi pa mapazi anga pankamveka kukukuta kwapansipansi. Nditaponda kilachi kunaleka, nditasiya kunabwerera. Zimenezi zinandiuza kuti phokosolo linali la zitsulo zozungulira m'kati mwa giyabokosi, osati la injini. Tinatuluka nako pa msewu wopita ku Lilanda. Giya yoyamba ndi yachiwiri zinkalira. Yachitatu inkatuluka nthawi iliyonse ndikachotsa phazi pa mafuta. Yachinayi inali zii, ndipo mlamu wanga anandiyang'ana mokondwa, ngati kuti galimotoyo yadziyankhira yokha. Koma bata limenelo ndilo linandidetsa nkhawa. Pa giya yachinayi mphamvu ya injini imangodutsa molunjika, pamene pa magiya enawo imatsikira kaye pa shafuti yapansi, mtanda wachitsulo wokhala ndi mano a magiyawo. Ngati phokoso limatha pa yachinayi pokha, ndiye kuti yodwala ndi shafuti yapansiyo pamodzi ndi maberingi amene imazungulirapo.

Chinthu chimodzi sichinkagwirizana ndi zonsezi. Giyabokosi yowonongeka chotero imafuula, koma iyi inkangong'ung'udza. Chifukwa chake ndinachipeza nditamasula bawuti yapansi kuti ndikhetse oyilo. Sanatuluke mothamanga, koma ankagwa m'beseni pang'onopang'ono ngati phala lozizira. Nditamufikisa ndi zala ndinamva tinthu tofewa. Unali utuchi.

Mlamu wanga sanabise. Oyilo wa magiya atasowa mumzinda, iye anayamba kuthiramo oyilo wakale wokhetsedwa mu injini. Phokoso litakula, anzake a pamsika anamulangiza kuti asakanize oyiloyo ndi utuchi wa kwa akalipentala. Anatero, phokoso linachepa, ndipo anakhulupirira ndi mtima wonse kuti galimoto yachira. Sindinamudzudzule. Utuchi umatontholetsadi zitsulo, koma umatsekanso timabowo timene oyilo amadutsamo popita ku maberingi, kotero kuti zitsulozo zimadyana mwakachetechete.

Ndinasungunula phalalo ndi palafini n'kulisefa pa nsalu. Pansaluyo panatsala fumbi lachikasu lonyezimira, lochokera ku mphete zimene zimathandiza magiya kulowa bwino. Panatsalanso tizitsulo tozungulira ta mu beringi, ndi dzino limodzi la giya, lalikulu ngati njere ya chimanga.

Ndinakhala pa njerwa n'kuganizira msewu wa kum'mawa. Kuchoka mu Lusaka munthu angayende mtunda wautali pa giya yachinayi. Koma kutsogolo kuli mapiri a Manenekera ndi mtsetse wotsikira ku Luangwa, kumene galimoto imadalira giya yachiwiri ndi yachitatu pokwera ndi potsika pomwe. Giya ikatuluka pamtsetse, galimoto imatsala ndi mabuleki okha. Shafuti ikagwirana, matayala akumbuyo amauma nthawi yomweyo. Kumbuyoko kukanakhala odwala aja pa matiresi, pamodzi ndi apongozi anga aakazi ndi mkazi wanga.

Nditafotokoza zonsezi, mlamu wanga, poganizira bambo ake, anati m'Chinyanja cha mu Lusaka, "Mulamu, imwe ikanimo chabe oyilo, muvale. Motoka iyi nimaiziba ine. Batata sazayembekeza masipeya yanu."

"Siizafika, mulamu," ndinatero. "Pa Manenekera izapaya bonse."

Nkhaniyo inafika kwa odwala tsiku lomwelo, ndipo anandiitanitsa ku Matero kumene ankakhala. Monga mkamwini, sindinalowe m'chipinda chawo. Ndinanjuta kunja pafupi ndi chitseko, nkhope nditalozetsa kumbali, monga ndinkachitira chikwatirire mwana wawo. Mawu awo anali otsika, koma ankamveka.

"Apongozi," anatero, "galimoto ija ikandifikitsa kwathu?"

"Mmene ililimu, ayi. Ndikapeza zitsulo, ikakufikitsani."

Kenaka anati iwowo kufera panjira sankakuopa, koma sankafuna kuti mwana wawo wamkazi ndi mayi wake afere nawo limodzi. Anandiuza kuti nditsegule giyabokosi.

Ndinatsitsa giyabokosiyo n'kuiyala pa masaka. Nditasolola shafuti yapansi, beringi yake inaphwasukira m'manja mwanga. Mano a giya yachitatu anali atatha mbali imodzi, ndipo shafutiyo inali itasanduka yabuluu chifukwa cha kutentha. Kuyambira pamenepo panalibenso kubwerera m'mbuyo. Zitsulo zimene zinkagwirana mothandizidwa ndi litsiro sizikanabwereranso m'malo mwake.

Ndinayenda wapansi kufunafuna. Ndinapita kwa ogumula magalimoto ku Kanyama, ku Chawama, mpaka ku Kalingalinga, nditanyamula shafuti yakufayo m'thumba kuti ndiziyerekeza. Beringi ndinaipeza. Shafuti ndinapeza imodzi yofanana kutalika, koma mano ake sanagwirizane ndi athu. Wina anandilonjeza kuti kuli kavani kamtundu womwewo kamene kanagwa ku Kafue, koma nditafika ndinapeza chigoba chokha. Madzulo aliwonse mkazi wanga ankabwera kuchokera ku Matero, n'kuyang'ana zitsulo zili pa masaka paja.

Apongozi anamwalira giyabokosi ikadali yotsegula. Kunyamula maliro mpaka ku Katete kunali kosatheka, choncho tinawaika ku manda a Chingwere, pamzere wa anthu amene sanawadziwepo. Mlamu wanga sanandiyankhule kwa nthawi yaitali. Kumaliro anthu ena ankanong'onezana kuti galimoto inkayenda bwinobwino mpaka pamene wa dipuloma anaigwira.

Ndakhala ndikuiganizira nkhani imeneyi kuchokera mbali zonse. Zimene ndinaona pa nsalu paja sizinali zokayikitsa, ndipo lero nditaziona ndingayankhe chimodzimodzi. Komabe sindingalumbire kuti kavaniko sikakanafika. Ndaonapo magalimoto owonongeka koposa pamenepo akufika kumene akupita, ndipo ndaonaponso ena atagona chagada m'zigwa za msewu womwewo.

Shafuti inapezeka mvula itatha. Ulendo woyamba wa kavaniko unali wa ku Katete, kukatula sutikesi ya zovala za malemu kuti abale awo akagawane. Ndinayendetsa ndine, mlamu wanga atakhala pambali. Pa Manenekera giya yachitatu inagwira bwino, yopanda phokoso, yosatuluka. Lekeni ndinali nditaichotsa kale, koma mtsetse wonse mpaka pa mlatho wa Luangwa dzanja la mlamu wanga linali pa ndodo ya magiya.