Dzanja Lamanzere la Achimwene

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinkauluka. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, woonda ngati phesi, ndipo wondiulutsa anali achimwene anga a Dafuleni. Iwo anali atapenga ndi masewera ogwetsana omwe ankaonera m'kanyumba ka vidiyo pa Milepa. Masana ankapalasa kabaza, madzulo ankaunjika mapesi ndi makoko a nandolo kuseri kwa nkhokwe, n'kundiitana.

Ankandinyamula n'kundikweza pamwamba pa mutu wawo. Ndili m'maleremo ndinkaona phiri la Chiradzulu litazondoka, mitambo ili kumapazi kwanga, utsi wa m'midzi ukuyenderera chotsika. Kenako mphepo m'makutu, kenako fungo la nandolo wouma. Kwa iwo mwina ndinali thumba chabe lophunzirira, koma ine ndinkadziona mbalame. Sindinapwetekepo, ndipo sindinkadzifunsa chifukwa chake. Ndinkangoti abwereze.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti bambo wina wophunzitsa masewerawa ku Limbe akufuna kuwatenga. Amayi anakana kwamtuwagalu. Ankati sanabereke mwana woti azikathyola makosi a ana a eni. Koma kwathu mawu omaliza pa mwana ndi a amalume, eni mbumba, choncho amayi anawaitanitsa kuchokera ku Mikolongwe, komwe ntchito yawo inali yogwetsa ng'ombe kuti zibayidwe jekeseni. Sabata imeneyo achimwene chakudya sichinkawalowa. Ankadziwa kuti amalume akangoti ayi, basi, adzakalambira pa kabaza.

Amalume anafika Loweruka, akumveka fungo la mankhwala a dibi, akuyenda chowerama chifukwa cha msana. Anamvetsera mbali zonse. Kenako anavula jekete n'kundipatsa ine, napita kukaima pabwalo, pa dothi louma gwa, kutali ndi mapesi aja.

"Dafuleni, ndigwetse."

Achimwene anaseka poyesa nthabwala. Amayi anagwira pakamwa. Amalume anabwereza, n'kuwonjezera kuti akapanda kuwagwetsa, za ku Limbe aiwale. Ine ndinakumbatira jekete lija mtima uli m'mwamba. Onse awiri ndinkawakonda, ndipo sindinkadziwa woti ndimudandaulire.

Achimwene anawagwira m'chiuno n'kuwanyamula. Mpaka lero ndimawaonabe mapazi a amalume ali m'mwamba, nsapato imodzi itavuka, nkhuku zikubalalika, zonse zikuchitika pang'onopang'ono ngati kutulo. Fumbi linangoti koboo. Litazilala, amalume anali chagada, mutu wawo uli m'chikhatho cha achimwene. Dzanja lamanzerelo ndi lomwe linayamba kufika pansi. Khungu la kuseri kwake linali litasupuka, magazi akudontha, ndipo bondo la achimwenewo nalo linali litanyuka. Amalume anadzuka okha n'kuyamba kufunafuna nsapato yawo.

Ataivala, anagwira dzanja lija n'kuwaonetsa amayi.

"Achemwali, ine nkhunzi ndikaigwetsa, imayenera kudzuka ikadye msipu. Wodziwa kugwetsa amayamba waona pomwe mnzake agwere. Uyu waona. Musiyeni apite."

Amayi analira, koma m'mawa mwake ndi iwo omwe anakazinga mtedza wa paulendo. Inenso ndinalira, osati chifukwa cha ulendowo, koma poti kuuluka kwanga kunathera pomwepo.

Lero achimwene ali ku Joni, ndipo dzina lawo latchuka. Amavala chigoba chakuda kumaso, anthu n'kumawakuwiza ngati munthu wouma mtima. Tikamawaonera pa foni, ana anga amachita chidwi ndi minofu yawo. Ine ndimayang'ana dzanja lamanzere. Limathamangira kunsi kwa khosi la yemwe akumugwetsayo mwachangu, moti ambiri saliona n'komwe. Ndikaliona, fungo la nandolo wouma limandibwerera, ndipo ndimamvetsa zomwe sindinkadzifunsa ndili mwana. Madzulo onse aja kuseri kwa nkhokwe, wondiwakha sanali mapesi.