Nsalu ya Mbalame Zozondoka

Amuna anga anali ndi mitala. Mkazi woyamba ndinali ine, wachiwiri linali thabwa la pachilumba china cha m'nyanja ya Pasifiki, ndipo kwa zaka ndithu thabwalo ndi limene linkayamba kulandira moni m'mawa.

Thabwa lenilenilo sanaligwirepo. Anali ndi zithunzi zake zokha. Analipeza m'buku tsiku lina akundidikira mulaibulale ya ku Scarborough, kuno ku Canada, kuthawa kuzizira panja. Chilumbacho ambiri amachitcha Easter, eni ake amati Rapa Nui. Anthu akale kumeneko ankazokota pamatabwa timbalame, tinsomba, tianthu tokweza manja ndi timiyezi, mizeremizere. Malemba amenewo amatchedwa rongorongo. Amene ankatha kuwawerenga anatha, ena kugwidwa ukapolo, ena kufa ndi matenda obwera ndi zombo, moti lero palibe amene angakuuzeni zimene analemba. Akatswiri amangogwirizana pa malo amodzi, pamene timiyezi tandandalikana, kuti pamenepo ankawerengera masiku a mwezi.

Amuna anga sizinawakwanire zimenezo. Kumudzi anali mphunzitsi wa jogalafe ku Ntcheu. Kuno ankagwira ntchito mufakitale ya zipangizo za galimoto ku Oshawa, koma uphunzitsi sunawachoke m'magazi. Iwo ankati thabwa lonselo ndi kalendala ya nyenyezi.

"Mayi, anthu awa anali alimi ngati ife," ankandiuza choncho. "Chilumba chawo chili kumwera ngati kwathu. Thambo limene ankaliona ndi lathu lomwe lija."

"Ndiye ndiombe m'manja? Tachotsani mbalame zanuzo patebulo, ndikufuna kuika mbale."

Thambo la ku Canada sanagwirizane nalo chibwerereni. Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zondondozana zija, ankati kuno zimaima mopendekera kwina. Kumpotosimpita, kamtanda ka nyenyezi ka kumwera kaja, ndiye sikaoneka n'komwe. Chimene chinkawatonthoza ndi Nsangwe, kagulu kaja ka tinyenyezi tothithikana. Kwathu Nsangwe zikayamba kuoneka kum'mawa dzuwa litangolowa, munthu amatsitsa mbewu chifukwa mvula yayandikira. Kuno zimabwera ndi chipale chofewa, koma ndi zomwezija. Tsiku limene anawerenga kuti anthu a m'zilumba zimenezo nawonso ankayamba chaka poyang'ana Nsangwe, analowa kukhitchini akumwetulira ngati akumana ndi mbale wawo pabasi.

Ine sindinkamvetsera, ndisaname. Ndine telala. Ndimagwira ntchito kuseri kwa shopu yochapa zovala, kupinda mathalauza ndi kusintha mazipi a majekete. Ndikafika kunyumba msana uli gwa, nkhani ya nyenyezi inkandipeza ndatopa kale. Ndinkangoti "eetu" apa ndi apo, maganizo ali ku ndiwo. Ndinkawaona akuwerenga mzere, kenako n'kutembenuza pepala lonse, mutu pansi, n'kuwerenganso. Ndinkaganiza kuti ndi chizolowezi chawo chabe, monga ena amaluma cholembera.

Kenako shuga, amene anali naye kwa zaka, anafika m'maso. Linayamba ndi lamanzere. Tinayenda m'zipatala, anabayidwa jakisoni m'diso mwenimwenimo ine nditawagwira dzanja, koma mdima unkangosendera. Anagula galasi lokuzira zinthu. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Markham, ankawakuzira zithunzi zija mpaka mbalame imodzi kufanana ndi chikhatho. Laisensi yoyendetsera galimoto inapita, ntchito inapita. Loweruka lina ndinawapeza akupapasa patebulo, kusonkhanitsa mapepala onse. Anawaika mujumbo, n'kundipempha kuti ndiwakweze pamwamba pa wadiropu.

"Mayi, tebulo lanu ndakubwezerani."

Tebulo limenelo ndinakhala ndikulipempha kwa zaka. Koma tsiku limenelo ndinaliyang'ana lili mbee, mtima n'kundipweteka.

Kuchokera pamenepo m'nyumba munangoti zii. Munthu uja amene ankakangana ndi wailesi, amene ankakonza galamala ya abusa tili m'galimoto pobwerera, anangokhala pampando pafupi ndi zenera limene sankaonanso kanthu. Ndevu anasiya kumeta. Ndikawonjeza mchere dala kuti mwina adandaule, ankangodya n'kunena kuti zikomo. Anzathu a kutchalitchi akabwera kudzawaona, ankayankha kuti "tili bwino, kaya inu," basi nkhani yathera pomwepo.

Mwana wathu anandikokera kukhitchini tsiku lina. Iye anabadwira kuno, Chichewa chake n'chodukaduka.

"Amayi, Dad sali bwino. He's giving up."

"Ndikuona, mwanawe. Maso ndili nawo ndine m'nyumba muno."

Khungu silinkandiopsa kwenikweni. Kwathu ndinakulira pafupi ndi bambo wina wosaona amene ankaluka mphasa n'kuphunzitsa ana ake onse. Chimene chinkandiopsa n'choti amuna anga achoka mwakachetechete, n'kundisiyira thupi loti ndizilidyetsa. Ndinkawasowa ali pomwepo.

Nzeru inandipeza kuntchito. Ndinkasintha zipi ya jekete ina imene inali ndi zilembo zopeta pachifuwa, ulusi wake wotukuka. Maso anga anali kwa kasitomala pakhomo, koma chala changa chinali pa zilembozo, ndipo ndinazindikira kuti ndazidziwa osaziyang'ana. Ndinaimitsa makina. Matabwa aja paja anali ozokota. Amene anawalemba ankawamvanso ndi zala.

M'mawa mwake ndinatsitsa jumbo ija iwo ali m'bafa. Kushopu kunali katani yokhuthala imene mwini wake sanabwererenso kudzatenga. Ndinaidula, ndinagula ulusi wolukira majuzi ndi singano yaikulu, n'kuyamba kujambula ndi choko mbali ija ya thabwa imene ankaikonda. Ndinkapeta nthawi ya nkhomaliro, ndi pabasi ndikapeza mpando. Mzungu wina wachikulire anandifunsa ngati ndi zachikhalidwe cha kwathu. Ndinangovomera, chifukwa kufotokoza kukanatipitiriza siteji.

Ndili pamzere wachiwiri ndinaona vuto. Mbalame zonse zinali zozondoka, mitu pansi, miyendo m'mwamba. Mzere wachitatu unali bwino, wachinayi wozondokanso. Tsono ine amene anandiphunzitsa kusoka ku Limbe anali mayi aukali. Ukadula chitenje cha mbalame, kutsogolo kwa diresi mbalame n'kuima bwino koma kumbuyo n'kuloza pansi, ankakuponyera diresiyo kumaso. "Unaionapo kuti mbalame youluka chadodolido?" Phunziro limenelo linandilowa mpaka m'mafupa. Ndinaganiza kuti makina a ku ofesi kwa mwana uja ndi amene anasokoneza. Choncho kambalame kalikonse, kansomba kalikonse, ndinakaimika bwinobwino pamalo pomwe kanali. Ndinadzitamanso mumtima kuti bambowa ali ndi mwayi kukwatira munthu wa diso.

Ndinamaliza masamba a mitengo atayamba kuyoyoka. Tsikulo ndinaweruka msanga, n'kuyala nsaluyo patebulo, n'kukawagwira dzanja.

"Bambo, tabwerani kuno."

"Kwagwanji?"

"Tangobwerani. Mafunso mufunsa mutakhala."

Ndinaika chala chawo pa kambalame koyamba. Poyamba dzanjalo linali lende ngati la munthu wogona. Kenako chalacho chinayenda chokha, kutsata mlomo, phiko, mwendo. Chinadumphira kotsatira. Milomo yawo inayamba kugwedera.

"Mbalame ya mlomo wautali," ananong'ona. "Nsomba. Munthu wa dzanja limodzi m'mwamba. Mayi, mwazitenga kuti izi?"

Sanadikire yankho. Anafika kumapeto kwa mzere woyamba, n'kugwira nsalu yonse ija m'makona, n'kuitembenuza monga ankachitira ndi mapepala. Anaika chala. Chinayenda pang'ono n'kuima. Anabweza nsalu ija mmene inalili, n'kupapasanso mzere womwewo, uku ndi uku. Nkhope inayamba kuchita makwinya.

"Ndani wa-edita?"

"Palibe wa-edita. Ndangokonza zimene zinazondoka."

"Mwakonza? Mwakonza! Mayi, mizere imeneyi ndi yozondoka dala! Munthu amawerenga mzere umodzi, n'kutembenuza thabwa, n'kupitiriza. Inu mwaimika chilichonse pamalo pomwepo, ndiye mzere wonse ukuyenda chobwerera. Mwezi ukuyamba wathunthu n'kukathera koyambira. Anthu awa mwawakololetsa asanadzale!"

"Zikomo wake ndi ameneyo? Zala zanga zatupa ndi singano, inu n'kumandikalipira chifukwa cha mbalame za anthu akufa?"

"Ndakhala ndikukuuzani zimenezi zaka zingati? Munali kuti?"

"Ndinali kukhitchini, kukuphikirani!"

Anamenya tebulo ndi chikhatho. Mawu awo anadzaza nyumba yonse, mawu a m'kalasi aja, moti ndikhulupirira kuti a khomo loyandikana anatsitsa wailesi yakanema kuti amve bwino. Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Panali patapita miyezi ndisanamve munthu ameneyu akukweza mawu. Ndinawasiya akalipe mpaka atakhuta, ndipo mawu alionse ndinkawalandira ndi manja awiri.

Atamva kuti ndikulira anasiya. Anapapasa patebulo mpaka anapeza dzanja langa, n'kusisita nsonga za zala pamene singano inandibaya.

"Ulusiwu ndi wabwino," anatero. "Ukumveka bwino. Lezala muli nalo?"

Kumasula kunatitengera nthawi yaitali kuposa kupeta. Ine ndinkadula ndi kusokanso, iwo ndiye kapitawo. Kalikonse ndikamaliza ankakapapasa, n'kugamula. Mlomo wafupika. Mwezi uwu uyang'ane uku. Ndikanyinyirika ankandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ine n'kuwauza kuti nkhonoyo aisoke okha. Anayambanso kumeta, akuti kapitawo sakhala ndi ndevu zanyankhalala. Ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamvetsera. Ndinadziwa chifukwa chake ankati mbalame yakuti ndi nyenyezi yotuluka m'bandakucha, ndi chifukwa chake kachizindikiro kena kokhala ndi timadontho ankakatcha Nsangwe. Timadonthoto ndinatimanga timfundo kuti tizimveka msanga.

Ngati thabwalo lilidi kalendala ya nyenyezi, ine sindikudziwa. Mwana wathu anawathandiza kutumiza maganizo awo kwa katswiri wina wa kuyunivesite, amene anayankha mwaulemu kuti umboni wake ndi wosakwanira. Amuna anga anakwiya mlungu wathunthu, akudya bwino, akuyendayenda m'nyumba kukonza yankho. Katswiri ameneyo sindikumudziwa, koma ndimamupempherera.

Nsalu ija inali ndi vuto limodzi, inali yaikulu. Akaitembenuza, makapu ankagwa, supuni kuulukira pansi. Tsiku lina nditatopa ndi kukolopa tiyi ndinakoka mpando n'kukhala mbali inayo ya tebulo, moyang'anizana nawo.

"Musatembenuzenso. Mizere yozondoka kwa inuyo, kwa ine kuno yaima bwino. Werengani wanu, ine ndiwerenga wanga."

Anapendeketsa mutu kumbali.

"Mwina ndi mmene ankachitira eni ake," anatero. "Anthu awiri, thabwa pakati."

"Mukakalemba kwa katswiri wanu uja, mukanene kuti zimenezo watulukira ndi telala."

Ndi mmene timawerengera mpaka lero. Iwo amayenda ndi chala, kutchula mbalame ndi nsomba zawo mpaka kumapeto, ine n'kulandira kuchokera pamenepo ndi maso, kubwerera nazo mbali inayo. Tanthauzo lake sitilidziwa tonse awiri. Ndikalakwitsa amandikonza, ine n'kuwayankha.

Chaka chotsatira, mu Novembala, kunja kutayamba kuda anthu asanaweruke n'komwe, tinali patebulo mpunga uli pamoto. Chala chawo chinafika pa timfundo tija n'kuima.

"Mayi, tapitani pakhonde. Muyang'ane kum'mawa, pamwamba pa nyumba zazitali zija."

Ndinavala jekete n'kutuluka. Mphepo inkaluma makutu. Magetsi a Scarborough amameza nyenyezi, ndipo poyamba sindinaone kanthu koma ndege yopita kukatera. Ndinatchinga maso ndi manja n'kudikira. Kenako ndinaziona Nsangwe zija, kachifunga kakang'ono kothwanima mofooka, kooneka bwino ukayang'ana chakumbali. Ndinaganiza zoti munthu amene anandiphunzitsa dzina lake sadzazionanso, ndipo ndinaima pamenepo mpaka misozi itauma, kuti asaimve m'mawu.

Nditalowa ndinawapeza chala chikadali pa timfundo paja, nkhope ataloza kukhomo.

"Zatuluka," ndinawauza.

"Mwaziona bwinobwino, kapena mwa-editanso?"

"Ndaziona ndi maso anga awa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akumwetulira.

"Ndiye kwathu akutsitsa mbewu. Khalani pansi, mayi. Mzere wotsatirawu ndi wanu, ine sindingauwerenge ndekha."