Tsiku Limene Anandiphunzitsa Kupalasa Njinga

Linali Loweruka loyamba itatha Eid, 10 koloko m'mawa, pamene anesi oyandikana nafe nyumba ananditengera ku paki ya ku Kings Heath, kuno kudziko la azungu kumene tikukhala. Ndi a kwathu ku Malawi, Akhristu, ndipo amandikonda. Anati kuli gulu lophunzitsa amayi achisilamu kupalasa njinga. Ndinavomera chifukwa cha mwana wanga wamkazi, amene ankalirira njinga chaka chonse.

Ine njinga ndinaidziwa ndisanathe msinkhu. Ku Machinga ndinkanyamula thumba la mpunga kupita kuchigayo, mumchenga, mabuleki ali phazi langa. Koma palibe anandifunsa, ndipo ine kulankhula pagulu kumandivuta.

Mphunzitsi wake, mzungu wansangala, anayang'ana hijabu yanga n'kundisisita paphewa. Anesi anamasulira.

"Akuti mwalimba mtima, achemwali. Akufunsa ngati bambo akunyumba akudziwa kuti muli kuno."

"Akudziwa," ndinatero. Bambowo tinawasiya akutsuka mbale.

Anesi anapitiriza: "Musachite manyazi. Ndawafotokozera kale kuti kwanu amayi saloledwa zimenezi."

Kwathu kuti? Ndinafunsa mumtima mokha.

Anandipatsa njinga yochotsa mapedulo, akuti ndiyambe ndazolowera kukhalapo. Wina anagwira chishalo, wina mahandulo. Ndinkakankha pansi ndi mapazi ngati bakha, iwo akuwomba m'manja ndi kundijambula pafoni. Mwana wanga anangoima pambali, akumvetsera zonse, poti Chingerezi amachimva kuposa ine.

Pobwerera tinakwera basi. Kenako mwana wanga anandiuza m'Chingerezi chakecho kuti njinga sakuifunanso.

"Chifukwa?"

"Aanti anesi aja akuti kwa ife ndi za anyamata. Kodi ndi haramu, chipembedzo chimaletsa, amayi?"

Mtima unandiwawa kuposa miyendo. Madzulo nditawafotokozera bambo ake, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

"Iwe? Amene unandikweza pakaliyala kupita nane kuchipatala? Bwanji osangowauza?"

Ngati kuuza anthu kunali kophweka kwa aliyense. Amene amati akundimasula ndi omwewo anamutsekera mwana wanga njira, ine ndikumwetulira.

M'mawa mwake ndinatulutsa njinga imene bambo ake amapitira kuntchito. Ndinatsitsa chishalo, ndinamanga chitenje pakaliyala, ndinakwinya diresi kuti lisakodwe mutcheni. Ndinamuveka mwana chisoti cha bambo ake, n'kumukweza kumbuyo.

"Gwira m'chiuno," ndinatero.

Kumadrasa kumene tinkapita ndi pafupi, koma ndinayamba ndadutsa pakhomo pa anesi, ndikuliza belu.