Sitima inadutsa, ine osachoka

Loweruka lapitali ndinabera pa masewera a kriketi ku Nkaya, ndipo anandigwira ndi mtsikana wa Sitandade 7.

Ndifotokoze kaye kwa inu amene mumangodziwa mpira wamiyendo. Mu kriketi, ukamenya mpira ndi thabwa, mdani n'kuuwakha usanagwe pansi, watuluka. Ngakhale mpirawo ungokhudza m'mphepete mwa thabwa n'kumveka kuti "tha", mlandu ndi womwewo. Woyimbira amadalira khutu.

Tsono bwalo la kalabu yathu lili pafupi ndi njanji. Sitima ya malasha ikamadutsa, ngakhale mbuzi ilire pambali panu simungamve. Choncho tinaika lamulo: sitima ikamadutsa, womenya azidziweruza yekha. Wakhudza, auwakha, nyamula thabwa uzipita. Lamuloli ndinabwera nalo ndine, monga patironi wa kalabu. Ndinalilalikira nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango, ana mpaka kuyasamula.

Lowerukalo makolo tinasewera ndi atsikana athu. Ndinalowa nditavala malaya oyera osita bwino, mayi akunyumba atakhala kutsogolo. Mpira woyamba ndinaphonya. Wachiwiri unabwera limodzi ndi sitima. Ka "tha" kaja ndinakamva m'manja momwe, ndipo Asiyatu, mtsikana wa Sitandade 7 uja, amene amawakha mipira kumbuyo kwa womenya, anaugwira bwinobwino.

Woyimbira wathu, Che Bwanali atelala, analoza khutu lawo n'kupukusa mutu. Maso onse anali pa ine. Ndinayamba kufufuza pansi ngati ndataya kiyi.

"A patironi," anatero Asiyatu chapansipansi, "kapena sitima yakusokonezani?"

"Sindinakhudze, mwanangu."

"Chabwino. Ndiye thabwalo lalira lokha."

Mpira wotsatira unagwetsa timitengo timene womenya amateteza kumbuyo kwake, ndinatuluka wopanda chigoli. Bodza lonse lija linangondionjezera mpira umodzi.

Nthawi ya atsikana itakwana, makolo anandiika ine kumbuyo kuti ndiziwakha. Nkaya ndi pamphambano ya njanji, sitima sizisowa. Ina inatulukira Asiyatu akumenya. Anakhudza, mpira unandigunda pamimba n'kukodwa m'manja mwanga. Chibadwire ndinali ndisanawakheko.

"Wakhudza, Asiyatu!"

"Iyayi, a patironi. Mathabwa a kalabu ino ayamba kulira okha."

Che Bwanali analozanso khutu. Mayi akunyumba anaseka mpaka kugwetsa chitenje chapaphewa.

Kodi ine ndikanati chiyani?

Akuluakulufe timakonda kuphunzitsa khalidwe titakhala pampando. Timauza ana kuti azisunga nthawi, ife n'kufika masewera ali pakati. Timati azilemekeza woyimbira, koma pa mpira wamiyendo ndife oyamba kumuthamangitsa mpaka m'munda mwa nandolo. Mlendo wosafunika akagogoda, timatuma mwana kuti akanene kuti tachoka, kenaka n'kumadabwa kuti bodza analitola kuti. Pa ulaliki wanga wonse wa pansi pa mango, Asiyatu sanasungepo liwu. Zimene ndinachita sitima ikudutsa anaziloweza tsiku lomwelo.

Mphunzitsi wa timuyi, mayi amene amawaphunzitsa anawa mwaulere, sanaseke nawo. Anandiuza mosabisa kuti lamulo lija likafa, kriketi pabwalo limenelija yatha, chifukwa sitima iliyonse izibwera ndi mkangano. Bwalo lina kulibe, ndipo njanji sitingaisunthe.

Ndiye Loweruka likudzali, masewera asanayambe, ndikaima pansi pa mango womwe uja n'kunena pamaso pa onse kuti ndinakhudza. Asiyatu wati nayenso avomera zake, koma ndiyambe ndine. Che Bwanali apempha chinthu chimodzi chokha: ndikalankhule sitima isanafike, kuti ulendo uno amve.