Nsapato za Akazi a Akapitawo

Ku Blantyre ndinapitako koyamba mwana wanga ali ndi miyezi isanu. Amuna anga ndi mlonda kumeneko, ine ndimathyola tiyi ku esiteti kuno ku Thyolo. Anandiitana kuti ndikaone tauni tsiku limodzi, chifukwa mawa lake ndinali ndi ulendo wokaonetsa mwana kwa amayi anga kwa Nsabwe. Minibasi imakusiya pa Thekerani. Kotsalako ndi kwa miyendo, kutsika ndi kukwera mpaka dzuwa kupendeka.

Kumunda timavala nsapato zapulasitiki zong'ambika. Ndinachita manyazi kupita nazo m'tauni, ndiye ndinabwereka za akazi a akapitawo, zakuda, zazitali kuchidendene. Zinkandithina pang'ono. Ndinati mapazi azolowera.

Tinayamba kuyenda m'mawa, mwana ali kumsana. Amuna anga anali osangalala, akuloza uku ndi uku. Anandionetsa nyumba yakale ya azungu amalonda, yamakhonde aakulu, kenako nsanja ya wotchi.

"Mwaiona nyumba ija? Agogo athu asanachoke ku Mozambiki inalipo kale."

"Ndaiona," ndinatero, koma maso anali pansi. Zidendene zinkaotcha. Ndikaganiza za zitunda za mawa, mtima unkafooka. Kunena ndinalephera. Munthu wasinthana tsiku ndi mnzake kuntchito chifukwa cha ine, ndimuuze kuti tibwerere?

Masana tinafika pa tchalitchi chakale cha njerwa zofiira. Ndinakhala pakhonde kuti ndiyamwitse, n'kuvula nsapato mobisa kunsi kwa chitenje. Matuza anali ataphulika. Njerwa zinali zozizira bwino, moti ndinaiwala kubisa mapazi.

Amuna anga anasiya kufotokoza za mazenera a tchalitchicho.

"Amake mwana, mapazi awa ndi amene akafike kwa Nsabwe mawa?"

"Apola."

"Apola liti? Tchalitchichi chakhala pano zaka zonsezi, chikanakudikirani. Inu kungokhala duu ngati ndikuyenda ndi thumba la chimanga?"

Anavula jombo zawo zaulonda n'kundipatsa. Iwo anayenda ndi masokosi okha mpaka pokwerera minibasi, nsapato za eni zili m'manja. Amayi ena ogulitsa nthochi anawafunsa ngati akugulitsa, iwo anati zinagulidwa kale.

Mawa lake ndinamanga zidendene ndi nsanza, ndinatsendera nsanza zina kutsogolo kwa jombozo, n'kunyamuka. Zinali zolemera. Kuchokera pa Thekerani ndinapuma kambirimbiri, mwana akulira, thukuta likulowa m'maso. Ndinafika nkhuku zikulowa m'khola. Amayi anayang'ana jombo zija. Anandimasula mwana kumsana n'kukateleka madzi amchere oviikamo mapazi.

Anzanga kumunda akandifunsa za Blantyre, ndimasowa chonena. Wotchi ija sindikumbukira n'komwe ngati inkayenda. Chimene ndimakumbukira ndi kuzizira kwa njerwa zija kumapazi.