Mango a Mkamwini

Ndikakumbukira agogo aamuna, aNkhoma, chimayamba kundifika ndi fungo la fodya wopachika m'chigafa, losakanikirana ndi la mango ogwa okha amene ankawolera kuseri kwa nyumba yawo ku Nsaru. Anali bambo a mayi anga, munthu wamtali wosachuluka mawu, amene ankasoka fodya atakhala pa chitsa, ife adzukulu tikuwapatsira masamba, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi awo ong'aluka.

Kwawo kwenikweni kunali ku Nambuma. M'mudzi mwathu anabwera ali mnyamata kudzakhala chikamwini kwa agogo aakazi, aNaphiri. Akuti alamu awo ankawaseka powaona akukumba maenje kuseri kwa nyumba: "Mkamwini n'kudzala mango? Adzadye ndani?" Pajatu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Koma mlamba uwu sunaterereke. Mwana akabadwa ankadzala mtengo, wina akamwalira ankadzalanso, mpaka pakhomo ponse panada bii ndi mthunzi.

Agogo aakazi anamwalira ndili mtsikana wongoyamba kutunga madzi ndekha. Za maliro zitatha, akuluakulu a mbumba anakhala pansi kuti agogo aamuna awasudzule, ndiko kuwamasula kuti abwerere kwawo. Amene anayankhula anali aPhiri, mlongo wa malemuwo. "Alamu, mwatisungira bwino mlongo wathu. Ife tilibe nanu mlandu. Tsopano ndinu omasuka." Mawu aulemu zedi, koma ngakhale ine mwana ndinamva kuti munda ndi nyumba zikufunidwa. Mayi anga anangoweramira pansi, pakuti pamaso pa amalume awo sakanatsegula pakamwa.

Tsiku loti mawa anyamuka, agogo anandigwira dzanja n'kuyamba kuzungulira nane mitengo ija, akumagwira thunthu lililonse ngati akupereka moni. "Uwu ndi wa amako, anabadwa mvula itachedwa. Uwu ndi wa mwana wathu amene anatisiya asanayambe kukwawa." Titafika pa wa kumapeto, umene mango ake tonse tinkawathawa, anaseka pang'ono. "Uwu tinadzala ndi agogo ako titangokangana. N'chifukwa chake umawawasa."

"Agogo, bwanji osazula umodzi mupite nawo?" ndinafunsa.

"Iwe Esinati, mtengo wokalamba sausamutsa. Umauma."

M'mawa mwake ananyamuka pa ngolo, atanyamula mpando, khasu ndi bulangete. Ku Nambuma anapeza anzawo onse a paubwana ali kumanda, ndipo mwana wa mlongo wawo amene anawalandira ankawatchula kuti amalume a ku Nsaru. Kwathu anali a ku Nambuma, kwawo anali a ku Nsaru.

Mango atapsa chaka chimenecho, tinangowaona akutulukira m'njira wapansi, fumbi lili mbuu mpaka m'mawondo. Sanayambire kwa mayi. Anapita molunjika pa nyumba imene anaumba okha njerwa zake, momwe tsopano munkakhala mwana wa mchemwali wa agogo aakazi. Anaima pabwalo, anavula chipewa, n'kunena chapansipansi, "Odi kuno." Mayi wa m'nyumbamo atatuluka, agogo anati, "Kodi ndingatoleko mango awiri?"

Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Anawalola, inde, anawatulutsira ngakhale dengu. Iwo anapitirira mitengo yonse yokoma, n'kukatola awiri pansi pa wowawasa uja. Bango limodzi anadya ataima pomwepo, madzi akutsikira m'ndevu, lina anaika m'thumba la jekete. Mango asanapsenso, uthenga unafika woti agogo atisiya. Anaikidwa ku Nambuma, kutali ndi aNaphiri.

Lero imvi zandikwana ndipo mawondo akuyamba kundikana. Ndikakhala pa khonde n'kumawerenga anthu amene ndaperekeza kumanda, ndimapeza kuti ambiri nkhope zawo zafufutika, koma odi ameneyo amamvekabe m'makutu mwanga. Amuna anga nawonso ndi mkamwini, a ku Mpingu, ndipo kuseri kwathu adzaza mapeyala. Chaka chatha nditadwala kwambiri ndinaitanitsa alongo anga onse, ana anga ali pomwepo.

"Ndikadzapita," ndinatero, "bambo awa musadzawauze kuti ndi omasuka. Pakhomo pano sadzaodira."